KODI A ZANYENGO AMANAMA?

Alimi anzanga, pa msonkhano wa kalabu tsiku lina agogo ena aamuna anaimirira nandifunsa funso limene ndidziwa kuti lili m'mitima ya ambiri a inu. Iwo anati, "Alangizi, tatiuzani zoona. Anthu a zanyengo aja olankhula pa wayilesi, kodi adziwadi za mvula kapena angolota? Dzana anati kugwa chimvula, akazi anga naanula mphale isanaume, koma kunawala dzuwa mpaka madzulo." Anthu anaseka, ena naomba m'manja. Pomwepo mayi wina anaonjeza kuti, "Ndiponso machenjezo achuluka. Lero namondwe, mawa madzi osefukira, mkuja mphepo. Kodi tizingokhalira kuthawa? Nanga tilima liti?"

Mafunso awiriwa ndi abwino, ndipo sayenera kuyankhidwa ndi ukali. Tsono tiyeni tiwaone bwino limodzi, pakuti pa nkhani imeneyi pagona mbeu zathu, nkhokwe zathu ndi moyo wa ana athu.

MLANDU UYAMBE NDI INE

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Chaka chimene ndinayamba ntchito ya ulangizi, ndinamva pa wayilesi kuti sabata imeneyo kugwa mvula m'madera ambiri. Unali mwezi wa Novembala. Mvula inagwadi tsiku limodzi, fumbi nkuzizira, ndipo ine ndinakwera njinga kuyenda m'midzi itatu ndi kuuza anthu kuti, "Bzalani, dzinja layamba." Ambiri anandimvera. Pambuyo pake kunachita ng'amba masabata awiri ndi theka. Chimanga chinamera chinapserera, china chinaolera pansi, ndipo mabanja ena analibe ndalama yogulira mbeu kachiwiri.

Anthu anati wayilesi yanama. Koma nditakhala pansi ndinaona kuti wolakwa ndinali ine. Wayilesi inanena za mvula ya sabata imodzi, ine ndinamva ngati yanena za dzinja lonse. Sindinakumbe pansi kuti ndione pamene chinyontho chalekeza. Kuyambira chaka chimenecho ndinaphunzira kuti ulosi wa zanyengo uli ngati khasu: uthandiza munthu wodziwa kagwiridwe kake, koma utema phazi la munthu wougwira molakwa.

M'MENE ADZIWIRA

A zanyengo saombeza ula. Boma lili ndi nthambi yoona za nyengo imene likulu lake lili ku Blantyre, ndipo ili ndi malo oyesera nyengo monga ku Chileka, Bvumbwe, Ngabu, Makoka, Chitedze, Salima, Mzuzu ndi Karonga. Kumeneko tsiku ndi tsiku ayesa mvula imene yagwa, kutentha, chinyezi cha mumpweya ndi kumene mphepo ichokera. Kumwamba kutali kuli makina otchedwa satelayiti amene ajambula mitambo usana ndi usiku. Zonsezi, pamodzi ndi zochokera ku maiko ena, ziikidwa m'makompyuta akuluakulu amene awerengera kumene mpweya upite mawa ndi mkuja.

Mvula yathu ya dzinja ibwera pamene mphepo zochokera mbali ziwiri zikumana pamwamba pa dziko lino, ndiponso pamene mpweya wachinyezi wochokera ku Congo utsikira kuno. Zinthu zazikulu zoterezi zioneka bwino m'makina. Chifukwa chake a zanyengo salakwa kawirikawiri akati chigawo cha kumwera chikhala ndi mitambo ya mvula masiku awiri akudzawa. Momwemonso adziwa bwino za mphepo ya mwera pa nyanja, ndi za chiperoni chimene chizizira ku Thyolo ndi ku Mulanje m'nyengo yachisanu. Asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi amene amvera chenjezo la mwera angachitire umboni.

MVULA YA KWA MNZAKO

Nanga bwanji agogo aja anaanula mphale pachabe? Taganizani za mvula ya mabingu imene igwa masana kukatentha. Mtambo wake suphimba boma lonse. Kawirikawiri ukhuthula madzi pa dera la makilomita owerengeka, nutha pasanathe ola limodzi kapena awiri. Inu nomwe mwaonapo mvula ikugwa tsidya la mtsinje, kuno kuli gwa. Mwaonapo munda wa kumtunda utanyowa, wa kumunsi uli fumbi.

Tsono wa zanyengo akati "mvula ya mabingu m'madera ena a chigawo chapakati", iye anena za dera lochokera ku Ntcheu kufika ku Kasungu. Mvula ikagwa ku Dedza ndi ku Mchinji koma osagwa pa mudzi panu, iye sananame, ngakhale kuti inu simunaone dontho. Ali ngati mayi amene watereka mphika wa phala pa moto. Adziwa ndithu kuti phala libwata posachedwa, koma sangathe kuloza malo pamene thovu loyamba liphulikire.

Mvetsetsani mau amene anena. "M'madera ochepa" ndi kwina, "m'madera ambiri" ndi kwinanso. Ambiri a ife tingomva liu lakuti mvula, ena onsewo atipita.

MAULOSI ALI MITUNDU ITATU

Woyamba ndi ulosi wa lero, mawa ndi mkuja. Umenewu ndiwo wodalirika koposa. Muugwiritse ntchito pofuna kuthira feteleza, kupopera mankhwala pa thonje, kuyanika zokolola kapena kupita pa nyanja. Feteleza wothira mawa lake nkugwa chimvula apita ndi madzi, ndipo ndalama yanu ipita naye.

Wachiwiri ndi ulosi wa masiku asanu kufikira khumi. Umenewu uthandiza kukonzekera, koma mphamvu yake ichepa tsiku ndi tsiku. Zonena za tsiku lachitatu zilimba kuposa za tsiku lachisanu ndi chitatu. Palibe munthu pa dziko lapansi, ngakhale ku maiko a makina ochuluka, amene angakuuzeni motsimikiza kuti pa tsiku lakuti mwezi wa mawa kudzagwa mvula pa munda panu.

Wachitatu ndi ulosi wa dzinja lonse, umene Boma lilengeza mvula isanayambe, kawirikawiri mwezi wa Seputembala. Apa ndi pamene anthu ambiri asokonezeka. Ulosi umenewu sunena tsiku. Ungoyerekeza dzinja likudzalo ndi mvula imene dera lanu lakhala likulandira pa zaka 30, nunena ngati mwayi waukulu uli ku mvula yochuluka, yapakatikati kapena yochepa.

Tayerekezani kuti m'thumba muli nyemba khumi, zisanu ndi ziwiri zofiira, zitatu zoyera. Ndikakuuzani kuti pisani dzanja osayang'ana, ndinena kuti mutulutsa yofiira. Koma mukatulutsa yoyera, kodi ndanama? Iyayi. Yoyerayo inalimo kale. Ulosi wa dzinja uli chomwecho. Ukuuzani nyemba zimene zachuluka m'thumba la chaka chino.

ZIMENE ZAKA ZATIPHUNZITSA

Mwamvapo dzina lakuti El Niño. Kumeneko ndi kutentha kwa madzi a nyanja yaikulu ya Pacific, kutali kwambiri ndi kuno, kumene kusintha mayendedwe a mphepo pa dziko lonse. Kukachitika, kawirikawiri mvula ichepa kumwera kwa Africa. Kwathu kuno chigawo cha kumwera ndicho chivutika koposa, pamene kumpoto nthawi zina mvula ichuluka.

Dzinja la 1991 mpaka 1992 kunali El Niño, ndipo kunagwa chilala choopsa chimene akuluakulu akumbukira kufikira lero. Dzinja la 2015 mpaka 2016 kunalinso El Niño, chimanga chinapsa, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya m'dziko muno. Mu 2023 a zanyengo anachenjezanso mvula isanayambe. Ng'amba inafikadi, makamaka mwezi wa Febuluwale 2024 pamene chimanga chinali kumasula, ndipo mwezi wa Malichi chaka chomwecho Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Mwezi wa Febuluwale womwewo, kumwera kuli kouma, mtsinje wa Dwangwa unasefukira ku Nkhotakota. Dziko ndi limodzi, koma mvula siigwa mofanana.

Koma ndisakubisireni chaka china. Mu 1997 kunabwera El Niño wamphamvu zedi, ndipo akatswiri anachenjeza za chilala kumwera kwa Africa. Alimi ena, makamaka ku Zimbabwe, anachepetsa minda yao poopa kutaya mbeu. Chilala chachikulu chija sichinafike monga anayembekezera, ndipo m'madera ambiri mvula inagwa bwino. Amene sanabzale anadandaula. Chaka chimenecho m'thumba munatuluka nyemba yoyera.

Phunziro lake nali. Ulosi wa mvula yochepa sutanthauza kuti musalime. Utanthauza kuti mulime mochenjera, kuti mvula ikachepa mupulumuke, ikachuluka mukololebe. Bzalani chimanga chocha msanga. Gawani munda, mbali ina muike mbatata, chinangwa, mapira, nandolo kapena khobwe. Ikani ngonyeka m'mizere kuti madzi asathawe, ndipo phimbirani nthaka ndi mapesi. Mlimi wochita zimenezi sataya kanthu ngakhale ulosi uphonye.

ZA MACHENJEZO

Tsopano tibwere ku funso la mayi aja. Kodi machenjezo achuluka?

Makolo athu analibe chenjezo. Mwezi wa Disembala 1946 Napolo anatsika m'phiri la Zomba, nakokolola milatho ndi nyumba. Mu 1949 mvula inakana ndipo njala inapha anthu ku chigawo cha kumwera. Mwezi wa Malichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe, anthu mazana natha. Akale anati chakudza sichiimba ng'oma. Masiku ano namondwe aimbiridwa ng'oma akali pa nyanja, pakuti akatswiri a pa chilumba cha Réunion amtsata usana ndi usiku, nauza maiko onse a kuno kumene alunjika.

Takumbukirani namondwe Freddy. Anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, naoloka nyanja yonse ya Indian, nakantha Madagascar pa 21 Febuluwale. Pa 24 Febuluwale analowa m'Mozambique cha ku Vilankulo, kumwera, kutali ndi ife. Ambiri anati wapita. Koma anabwerera ku nyanja, natenganso mphamvu, nalowanso cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Anakhala moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Chenjezo linamveka pa wayilesi asanafike kuno.

Zimene zinatsatira muzidziwa. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, mvula imene madera ambiri a dziko lino salandira ngakhale pa chaka chathunthu. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu mapiri anagumuka, ndipo ku Nsanje ndi ku Chikwawa madzi anamiza midzi ndi minda. Anthu oposa 600 anapezeka atafa, oposa 500 anasowa, ndipo oposa theka la miliyoni anasiya nyumba zao.

Sindinena kuti onse amene anafa ananyozera chenjezo. Ambiri sanalimve. Ena analimva koma analibe kothawira, ena anaopa kusiya mbuzi ndi katundu m'manja mwa akuba, ndipo ena anamva za mphepo ndi mvula koma sanaganize kuti phiri lingatsike. Koma analiponso amene anati, "Anenanena kale zimenezi," nagona. Freddy anadza patangopita chaka chimodzi chichitikire namondwe Ana wa Januwale 2022, amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndi Gombe wa Malichi chaka chomwecho. Idai wa 2019 ndi madzi osefukira a Januwale 2015 anali asanaiwalike. Tsono mukati machenjezo achuluka, kumbukiraninso kuti ngozi zenizenizo zakhala zikubwera pafupipafupi.

TIYESE PA SIKELO

Namondwe akakhala pa nyanja, njira yake idziwika koma osati ndendende. Angathe kupatuka makilomita zana kapena kuposa, ndipo kupatuka kotere ndiko kusiyanitsa boma limene limira ndi boma limene lingolandira mvula yabwino. Wa zanyengo akadikira kufikira atatsimikiza, chenjezo lifika madzi ali kale pa khomo. Chifukwa chake achenjeza maboma khumi, podziwa kuti mwina oonongeka adzakhala anayi. Anthu a maboma asanu ndi limodzi otsalawo ndiwo adzati ananama.

Tsono ikani zinthu ziwiri pa sikelo monga muchitira pogulitsa mtedza. Mbali ina ikani munthu amene wamvera chenjezo, nakagona ku sukulu ya kumtunda usiku uwiri, madzi osabwera. Wataya chiyani? Tulo tabwino, masiku awiri a kumunda, ndipo mwina anzake amseka. Mbali inayo ikani munthu amene wanyozera, madzi nabwera usiku. Wataya nyumba, nkhokwe, ziweto, kapena mwana. Ngakhale mutathawa pachabe kanayi, ulendo wachisanu wokhawo ulipira maulendo onse.

Komabe mau a mayi aja ali ndi nzeru, ndipo ife ogwira ntchito ndi alimi tiyenera kuwamva. Ng'oma yoimbidwa usiku uliwonse anthu aleka kudzuka nayo. Chenjezo labwino linene malo, linene tsiku, linene chimene chikudza, ndiponso linene chochita. Munthu wa m'mbali mwa Shire kapena Ruo afunika kumva za madzi, wa m'tsinde mwa phiri afunika kumva za matope ndi miyala, wa pa chitunda afunika kumva za denga lake. Ngozi ikapatuka, anthu auzidwenso kuti yapatuka ndi chifukwa chake, kuti asatsale ndi maganizo akuti ananamizidwa.

Dziwaninso kuti machenjezo ambiri amene atopetsa makutu anu sachokera kwa a zanyengo konse. Ayenda m'mafoni, wina atumiza kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina, ndipo nthawi zina ndi uthenga wa chaka chatha kapena wa dziko lina. Mukalandira uthenga wotere, yang'anani tsiku lake ndi amene waulemba. Ngati mukayika, tsegulani wayilesi pa nthawi ya nkhani, kapena funsani mlangizi, kapena a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi. Musautumize kwa ena musanatsimikize.

NANGA ZIZINDIKIRO ZA MAKOLO?

Ena afunsa ngati tsopano tileke kuyang'ana mitengo ikamaphuka, kulira kwa achule, kubwera kwa anamzeze ndi kutembenuka kwa mphepo. Musaleke. Makolo anadziwa kuti chizimalupsa si mvula yobzalira, ndipo ine ndikadasunga nzeru imeneyo sindikadapsereza mbeu za anthu. Zizindikiro zimenezi zikuuzani za pa mudzi panu, pamene wayilesi siingafike ndi maso. Koma chule sangaone namondwe ali ku Madagascar. Gwirani zonse ziwiri, monga munthu ayenda ndi miyendo iwiri.

Ndipo pa nkhani ya madzi, funsani nkhalamba za m'mudzi pamene madzi analekeza zaka zakale. Madzi saiwala khwawa. Pamene anadutsa kale adzadutsanso, ngakhale papite zaka 30.

DZIYESERENI NOKHA

Pomaliza ndikupemphani chinthu chimodzi chosalira ndalama. M'malo motsutsana pa bwalo ngati a zanyengo anama kapena ayi, tiyeni tiwayese. Pezani chitini choongoka, chimene kukamwa kwake ndi pansi pake zili zofanana kukula. Chikhomereni pa mtengo wodula pamtetete, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse, nthawi imodzimodzi, pisanimo rula ya mwana wa sukulu, lembani mamilimita m'kope, ndi kutaya madziwo. Pambali pake lembani zimene wayilesi inanena dzulo lake. Ntchito imeneyi mwana wa Sitandade 6 aitha bwino, ndipo adzaikonda.

Milimita imodzi ndiye kuti lita imodzi ya madzi yagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Mamilimita 25 ndiwo inchi imodzi ya kale ija. Musabzale chimanga mvula isanakwane inchi imodzi kapena kuposa m'masiku awiri kapena atatu otsatizana. Ikakwana, kumbani pa mzere ndi dzanja. Ngati chinyontho chalowa kuya kwa chikhatho chonse, ndipo ulosi wa masiku akudzawo ukunenabe za mvula, bzalani tsiku lomwelo osazengereza. Ngati ulosi unena za dzuwa sabata yathunthu, sungani mbeu yanu.

Pakutha pa dzinja mudzawerenge m'kope muja masiku amene a zanyengo analondola ndi masiku amene anaphonya. Midzi yoyandikana ikasonkhanitsa makope ao, mudzaona ndi maso anu m'mene mvula idumphira mudzi wina ndi kugwa pa wina. Bweretsani makopewo kwa mlangizi wa dera lanu, pakuti nafenso atithandiza kulangiza bwino chaka chamawa.

Dzinja lisanafike, khalani pansi ndi banja lanu ndi kupangana zinthu zitatu: kumene mudzathawire chenjezo la madzi likamveka, njira imene mudzadzere usiku, ndi amene adzanyamule agogo ndi ana aang'ono. Mbeu, ziphaso ndi makadi a kuchipatala zikhale m'pepala la pulasitiki pamalo pamodzi posavuta kutenga. A mfumu ndi a komiti adziwe nyumba zimene zilibe wayilesi kapena foni, kuti uthenga ukafika wina athamangireko.

Agogo aja ndinawayankha kuti mphale yonyowa iyanikidwanso mawa. Anaseka, nati chitini adzakhoma okha, kuti chaka chamawa adzandigwire ndi umboni m'manja. Ndidikira kope lao, ndi lanunso.